Obira Awiri

Mng'ono wanga Yotamu watumiza kanema
kuchokera ku chilumba cha Zanzibar.
Ndakwera pachulu kuseri kwa shedi ya fodya
pomwe netiweki imapumirako ikamadutsa ku Kapiri,
kagudumu ka pafoni kazungulira, kazungulira,
bandulo n'kumatha ngati mchere wa pamaliro.

Kenaka uyo!
Wabereka chitsulo cha mpweya ngati mwana,
zipsepse kumapazi, magalasi kumaso,
wakhala pamlomo pa boti n'kugwa chagada, phava!
Mwana yemwe ankalira kuwoloka Rusa madzi ali m'mawondo
lero akutsogolera alendo asanu pansi pa nyanja yamchere,
akuwalozera ndi chala, iwo n'kumagwedeza mitu.

Akuti kumeneko munthu amalipira kuti amire.
Amasunga ndalama chaka chonse kwawo kozizirako,
n'kukwera ndege ziwiri,
kudzagona pamchenga woyera ngati ufa wa m'chigayo,
kudzadzola mafuta, kudzapsa msana mwadala.

Ine ndimamira kuti andilipire.
Dzulo ndinali kwa Nambewe,
chitsime cha mikono khumi ndi iwiri, ndowa inaduka chingwe.
Anyamata awiri anagwira thabwa pamwamba,
ine kutsika, phazi uku, phazi uko,
m'timapako tomwe ndinasema ndekha chaka cha njala chija.
Pansi palibe mtundu, m'bale wanga.
Pali kuzizira koluma m'mano, fungo la dothi losaona dzuwa,
ndi chule mmodzi wondiyang'ana ngati ndabwera ndi ngongole.
Ndinapuma kamodzi, n'kubira,
manja kufufuza m'matope:
supuni, sapato ya mwana, batire ya tochi,
kenako mkombero wa ndowa.

Iwe ukuti kwanuko nsomba zimavala zitenje,
zachikasu, zamizeremizere, zina ngati yunifomu ya kwaya,
ukuti kamba wamkulu ngati chitseko anakudutsa
osakupatsa ndi moni womwe,
ukuti miyala yakumeneko ndi yamoyo, imaphuka, saiponda.
Ndakhulupirira. Bodza sunkalitha ndi kale,
makutu ako ankayamba ndiwo kuulula.

Koma pali chimodzi chimene sunajambule
ndipo ndikuchidziwa popanda kanema:
phokoso lija limatha mutu ukangolowa.
Mtengo wa feteleza, mavenda a soya ndi sikelo zawo,
chifuwa cha amayi usiku,
zonse zimatsala pamwamba ngati zovala pamwala.
Umangomva mtima wako wokha
ukusinja pang'onopang'ono mumtondo wa nthiti.
Alendo akowo mwina n'chimenecho amadzagula,
nsombazo n'zapamwamba chabe, ngati basera.

Ndipo potembenuka kuyang'ana kumwamba,
iwe umaona mimba ya boti ndi dzuwa losweka,
ine ndimaona kabowo kozungulira, kowala ngati ndalama yachitsulo,
ndi mitu ya ana itazinga m'mphepete.
Tonsefe timakwerera kuwala komweko
ndi mpweya wotsala wowerengeka.

Nambewe anandipatsa zikwi zitatu ndi nsichi ya nzimbe.
Ndadula mfundo ziwiri, ndikutafuna pachulu pano,
kanema wako ndamubwereza kachinayi.
Amayi akuti ndikufunse ngati madzi amcherewo
sakukusupula khungu,
akutinso chipewa uzivala, ndipo Khirisimasi ino usanamizire ntchito.

Ine langa ndi limodzi.
Ukamabwera usandigulire malaya a mitengo ya kokonati,
a chaka chatha aja ndinafunditsa nkhuku yofungatira.
Undibweretsere magalasi obirira, ngakhale ong'aluka pakona.
Mwezi wa khumi zitsime zikaphwera
ndikufuna nditsike kwa Nambewe masana dzuwa lili paliwombo,
ndikaone kamodzi kokha ndi maso
dziko lomwe manja anga akhala akuliwerenga mumdima
zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Mwina nakonso kuli mitundu.
Mwina chule uja ndi wobiriwira.